Wanenepa, Koma Kodi Akugona?

  Ife tikulankhula tili kuno ku Kabwata mu Lusaka, kumene takhala chipumire ntchito ya uphunzitsi. Nkhani ya lero ndi ya ana anu amene ali kuno ku tauni, koma mukamvetsera bwino muona kuti inunso muli momwemo.

Mwezi wa December ukafika, mabasi a ku Intercity amadzaza ndi ana opita kumudzi. Mwana akatsika ndi chikwama chake, azakhali amamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako amaomba m'manja nanena kuti, "Wanenepatu! Lusaka yakuyanja." Mudzi wonse umasangalala, pakuti kwathu thupi ndi chizindikiro chakuti munthu akudya bwino ndipo mtima wake uli m'malo. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma ife amene timakhala nawo anawa taona kunenepa kwa mtundu wina, kumene gwero lake ndi kusowa tulo ndi nkhawa. Tikufuna kukufotokozerani za kumeneko, ndipo tiyambira m'nyumba mwathu momwe.

Mlongo wathu ali ndi mwana wamkazi amene amagulitsa m'sitolo ina kufupi ndi Cairo Road, ndipo amachita lendi ku Chelstone. Watilola kunena nkhani yake bola tisatchule dzina. Tsiku lake limayamba 4 koloko m'bandakucha, chifukwa ukachedwa pang'ono pa Great East Road, magalimoto amakhala atathithikana kuyambira ku Munali mpaka ku Manda Hill. Amatuluka m'mimba muli zii. Masana amadya vitumbuwa viwiri ndi chakumwa cha shuga ali chiimire. Pofika kunyumba imakhala yakwana 8 koloko usiku.

Tsono inafika 2024, chaka chimene inu mukuchidziwa kuposa ife chifukwa chimanga chinauma mukuona. Pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Kuno ku tauni chilala chinatipeza kudzera ku Kariba. Madzi atatsika, magetsi anachepa, ndipo pofika September ndi October nyumba zambiri zinkaona malaiti maola ochepa chabe pa tsiku, nthawi zambiri pakati pa usiku. Kumayadi, ku Kabulonga ndi ku Woodlands, ena anagula masola ndi majenereta. Enafe tinaphunzira kugona khutu lili tcheru. Malaiti akangobwera 1 koloko, nyumba yonse dzandi: wina kusita, wina kutchaja foni, wina kuphika nyemba za mawa. Usiku unasanduka masana.

Mwanayu anabwera kudzakhala nafe masabata awiri m'mwezi wa November chaka chimenecho, ndipo tinaona kuti thupi lawonjezeka kwambiri. Ifenso poyamba tinamuyamikira, monga achitira azakhali. Usiku wachitatu tinamva chivundikiro cha poto chikulira kukhitchini. Titapita, tinamupeza atakhala pansi mumdima, foni ili m'dzanja limodzi, dzanja linalo likunyema mkute, umene kuno amati chimbala, akuuviika m'tiyi wa shuga wambiri. Buledi amene tinasungira m'mawa anali atatha theka. Anachita manyazi kwambiri. Tinamufunsa kuti, "Mwanawe, kodi sunakhute madzulo?" Iye anati, "Amalume, ndinakhuta. Sindikudziwa ngati ndi njala. Tulo sitibwera, mutu umangowerenga ndalama, ndiye ndikatafuna kanthu mtima umakhalako pansi."

Tinakhala naye pamenepo mpaka tambala woyamba. Zinatuluka ndi izi: anatenga kaloba kuti atumize ndalama ya ufa ndi feteleza kumudzi, chiwongoladzanja chinali kukula mwezi ndi mwezi, lendi inali itatsalira, ndipo kwa miyezi isanu sanagonepo maola oposa anayi usiku umodzi. Amayi ake, mlongo wathu weniweni, ankauza anthu kutchalitchi kuti mwana wawo zikumuyendera.

Tiloleni tsopano tibwerere m'kalasi pang'ono, pakuti choko sichichoka msanga m'zala za mphunzitsi. Mulungu anaika wotchi m'thupi la munthu aliyense. Mkati mwa ubongo, pamwamba pa pamene mitsempha ya maso awiri imapingasana, pali kachigawo kochepa kuposa kambewu ka mpunga, kokhala ndi maselo pafupifupi 20,000. Kachigawo kameneka kamamva kuwala kolowa m'maso, ndipo kamauza thupi lonse ngati kwacha kapena kwada. Kukada, ubongo umatulutsa timadzi totchedwa melatonin, timene timakonzekeretsa thupi kugona. Kukatsala pang'ono kucha, tiziwalo tokhala pamwamba pa impso timachulukitsa timadzi tina totchedwa cortisol, timene timadzutsa munthu ndi kumupatsa mphamvu yogwira khasu. Mimba, chiwindi ndi kapamba nazonso zimatsata nthawi yomweyo. N'chifukwa chake thupi limasamala bwino shuga wa chakudya cha m'mawa kusiyana ndi wa chakudya cha pakati pa usiku. Mu 2017 akatswiri atatu a ku America, a Jeffrey Hall, a Michael Rosbash ndi a Michael Young, analandira mphoto ya Nobel chifukwa chofotokoza mmene wotchi imeneyi imayendera. Ndipo mukudziwa anaiphunzira pa chiyani? Pa tintchentche tija timaunjikana pa mango akuola. Ngakhale kantchentche kali ndi nthawi yake yogona. Nkhuku zanu zikudziwa zimenezi, palibe amaziuza kuti zikwere m'khola.

Nanga njala ikulowa pati? Pali timadzi tiwiri timene timakokana ngati ana pa chingwe. Tina, totchedwa ghrelin, timachokera m'mimba ndipo timauza ubongo kuti idya. Tina, totchedwa leptin, timachokera m'mafuta a thupi ndipo timauza ubongo kuti nkhokwe ili ndi chakudya, usade nkhawa. Mu 2004, ku yunivesite ya Chicago, gulu la mayi Eve Van Cauter linatenga anyamata 12 athanzi. Linawagoneka maola anayi okha kwa masiku awiri, ndipo nthawi ina linawapatsa maola khumi kwa masiku awiri. Atagona pang'ono, leptin anatsika ndi 18 peresenti, ghrelin anakwera ndi 28 peresenti, ndipo anyamatawo anati njala yawo yakula. Chimene ankalakalaka kwambiri sichinali masamba kapena zipatso ayi. Ankafuna zotsekemera, zamchere ndi zokhutitsa msanga. Amenewo anali masiku awiri okha, pa anyamata opanda ngongole. Ganizirani tsono miyezi isanu.

Nkhawa imathira mafuta pamoto umenewu. Munthu akamaopa, thupi silisiyanitsa pakati pa njoka ya m'munda ndi uthenga wa mwini kaloba pa foni. Limakonzekera kuthawa. Mtima umagunda, cortisol uja amene amayenera kukhala wotsika usiku amakhalabe pamwamba, ndipo tulo timathawa. Chakudya chotsekemera kapena chamafuta chimapatsa ubongo kampumulo ka mphindi zochepa, ndipo ubongo umakumbukira kumene unapeza kampumuloko. Mawa usiku umakutumanso kukhitchini. Ukadya usiku, m'mawa sufuna chakudya. Masana umafooka, ndiye umamwa tiyi wamphamvu, khofi kapena zakumwa zija za m'zitini zimene achinyamata amati zimapatsa mphamvu. Kafeini wa m'zakumwazo amatenga maola pafupifupi asanu kuti theka lake lokha lichoke m'magazi, choncho chimene wamwa 5 koloko madzulo chimakhala chikugwirabe ntchito 10 koloko usiku. Munthu wosagona sachedwa kuopa, ndipo kanthu kakang'ono kamaoneka ngati phiri. Wazungulira wabwerera pomwe unayambira. Madokotala anazindikira kalekale za kudya kwa usiku kotere. Dokotala wina wa ku America, a Albert Stunkard, analemba za vutoli mu 1955.

Apa tiulule tchimo lathu la ku sukulu. Zaka zambiri tinkalanga ana a sekondale owodzera pa phunziro loyamba, tikumati ndi aulesi. Tinadzamva mochedwa kuti mwana akamakula n'kufika pa unyamata, wotchi yake ya m'thupi imasunthira m'mbuyo: tulo timamupeza mochedwa, ndipo m'mawa thupi limakhala lisanamalize. Komanso anthu sanalengedwe mofanana. Ena ndi a tambala, amadzuka okha kusanache. Ena ndi a kadzidzi, mutu wawo umatseguka madzulo. Ofufuza apeza kuti a kadzidziwa, pamene ntchito ikuwakakamiza kudzuka m'bandakucha, ndiwo amagwa kawirikawiri m'chizolowezi chodumpha chakudya cha m'mawa ndi kudya usiku pofuna kutonthoza mtima. Ana ena amene tinawakwapula analibe mlandu. Ambuye atikhululukire.

Ndiye pali ena amene ntchito yawo ndi usiku womwewo. Ena mwa alonda a pa mageti a ku Kabulonga ndi ku Woodlands ndi ana a kum'mawa, ana anu. Amakhala m'kanyumba ka pageti kuyambira madzulo mpaka kucha, ndi mbaula, botolo la tiyi ndi mabanzi. Masana amayesa kugona m'chipinda chimodzi cha malata ku Mtendere kapena ku Kalingalinga, ana akusewera pakhomo, wailesi ya aneba ikulira. Anamwino a ku UTH nawonso amachezera. Amayi ogula tomato ndi repu ku Soweto Market amafika kumeneko nyenyezi zikadali kumwamba. Anthu awa sitingawauze kuti muzigona 9 koloko, kungakhale kuwanyoza. Chimene chingawathandize ndi kudya chakudya chenicheni asanapite ku ntchito, kuchepetsa za shuga pakati pa usiku, ndi kupeza maola ogona masana m'chipinda chotchinga kuwala, a m'nyumba akulemekeza tulo tawo monga alemekezera malipiro awo.

Malembo sakhala chete pa nkhani imeneyi. Mu Genesis chaputala 25 timamva za Esau, amene anagulitsa ukulu wake ndi mbale ya mphodza. Timakonda kumuseka kuti anali wadyera, koma werengani bwino: anachokera kuthengo atalefuka. Munthu wotopa amaona mbale ili pafupi, za mawa sazionanso. Chimene akatswiri a ku Chicago anachiyeza m'magazi, Yakobo anachidziwa ali pa mafuwa, ndipo anadyera m'bale wake masuku pamutu.

Koma nkhani imene imatigwira mtima ndi ya mneneri Eliya, pa 1 Mafumu chaputala 19. Munthu uyu anali atangoona moto ukutsika pa phiri la Karimeli. Yezebeli atamutumizira mawu oopseza, anathawa mpaka ku Beereseba, nasiya mnyamata wake kumeneko, nalowa yekha m'chipululu ulendo wa tsiku lathunthu. Anakhala pansi pa kamtengo napempha kuti afe. Taonani chimene Mulungu anachita. Sanamudzudzule kuti chikhulupiriro chake chachepa. Sanamulalikire. Anamuleka agone. Kenako mngelo anamudzutsa, nampatsa mkate wootcha ndi madzi. Eliya anadya, nagonanso. Mngelo anabweranso kachiwiri ndi chakudya, chifukwa ulendo unali wautali. Kukambirana kwenikweni, kuja kwa mawu a kayaziyazi pa phiri la Horebu, kunadza patapita masiku 40. Tulo poyamba, chakudya pa nthawi yake, ndipo pambuyo pake funso lakuti kodi ukuchita chiyani kuno.

Ife a mpingo nthawi zambiri timayambira kumapeto. Munthu akatiuza kuti sakugona, timathamangira kumuuza kuti apemphere kwambiri, mwinanso asale kudya, kapena abwere ku mapemphero ochezera usiku wonse. Sitikunyoza kuchezera, kuli ndi nyengo yake. Koma munthu amene wakhala miyezi osagona, kumuonjezera usiku wina wosagona sindiko kumuthandiza. Ndipo kumuuza wodya usiku kuti ndi wosusuka kumangomuonjezera manyazi, manyaziwo n'kukhala nkhawa ina yokamudyetsanso.

Tisasokoneze zinthu. Ambiri a inu munagona ndi njala yeniyeni mu 2024 ndi kumayambiriro kwa 2025, njala ya nkhokwe yopanda kanthu. Imeneyo mankhwala ake ndi chakudya basi, ndipo palibe cholakwa munthu wanjala akadya nthawi iliyonse imene wapeza. Komanso si onse amene nkhawa imawadyetsa. Ena imawatsekera kukhosi, monga Hana amayi a Samueli, amene ankalira osafuna kudya. Mwana wanu akabwera ataonda, nayenso mufunseni za tulo. Njala ya m'mimba imabwera pang'onopang'ono, imalandira nsima ndi chibwabwa, ndipo ukakhuta imatha. Njala ya nkhawa imabwera mwadzidzidzi, imasankha, imafuna chotsekemera kapena chokazinga, ndipo ukamaliza kudya mtima umakhalabe wolemera, nthawi zina kuposa poyamba.

Tsono inu makolo, tili ndi pempho. Foni yasandutsa mtunda wa ku Lusaka kukhala waufupi, ndipo zimenezi n'zabwino. Koma uthenga wopempha ndalama ukafika 10 koloko usiku, mwana sangachitepo kanthu nthawi imeneyo. Mabanki ndi otseka, malipiro ali kutali. Chimene angachite ndi kugona chagada n'kumawerenga. Ngati si matenda kapena maliro, dikirani kuche. Ndipo popempha, nenani kuchuluka kwake ndi tsiku limene ikufunikadi, kuti mwana athe kukonzekera m'malo mothamangira kwa a kaloba. Ana kuthandiza makolo ndi lamulo la Mulungu, sitikulichotsa. Koma muziwapatsa mpata wonena kuti mwezi uno sinditha, popanda kuwakumbutsa mbuzi zimene munagulitsa powalipirira sukulu. Akudziwa kale, ndipo n'zimene zimawasowetsa tulo. Akaimba foni, pakati pa kufunsa za ntchito ndi za mvula, funsaninso kuti, "Kodi ukugona bwino? Unadya chiyani m'mawa?"

Musaganize kuti kumudzi mwapulumuka. Kale tikadya nsima ya madzulo, tinkakhala pa moto pang'ono, nthano ziwiri, kenako kukagona, ndipo dzuwa ndilo linkatidzutsa. Dziko lathu lili ndi mwayi wakuti usana ndi usiku sizisiyana kwambiri chaka chonse, choncho wotchi ya m'thupi inkayenda yokha. Lero sola ili padenga, mpira wa ku England ukuonetsedwa pa gulosale mpaka usiku, ndipo adzukulu ali pa Facebook ndi TikTok m'bulangeti. Kuwala kwa usiku kumachedwetsa melatonin uja, ndipo zimene akuonerazo zimautsa mutu. Agogo nawonso amagona akuwerenga matumba a feteleza. Munthu wamkulu amafunika maola osachepera asanu ndi awiri, ndipo wachinyamata amafunika oposa pamenepo.

Kodi kugona kokha kungachepetse kudya? Ku Chicago komweko, mu 2022, mayi Esra Tasali ndi anzawo anayesa anthu 80 onenepa amene ankagona maola osakwana asanu ndi limodzi ndi theka. Theka la iwo analangizidwa za kagonedwe kokha, osawauza chilichonse cha zakudya. Anayamba kugona ola limodzi ndi mphindi zingapo kuposa kale, ndipo pa tsiku ankadya zochepa ndi makalori pafupifupi 270, kumene kuli kuposa botolo la theka la lita la chakumwa cha shuga. Palibe anawaletsa kudya. Njala yokha inatsika.

Chenjezo limodzi lofunika. Ngati munthu akumva ludzu losatha, akudzuka kawirikawiri usiku kukataya madzi, akumva njala ngakhale wadya, apite kukiliniki akayezetse shuga. Amene amaliza mkonono kwambiri, n'kumabanika m'tulo, n'kudzuka ali wotopa, nayenso akaonane ndi adokotala ndi kuyezetsa BP. Inu a ku Katete muli ndi chipatala cha St Francis pafupi. Ndipo nkhawa ikafika poti munthu akulankhula zofuna kufa monga Eliya, musamusiye yekha ngakhale usiku umodzi, mutengereni kuchipatala. Kuno anthu akamva dzina la Chainama amaseka, ngati kuti kumeneko n'kwa amisala okha. Kusekako kwabisitsa anthu ambiri matenda ochizika.

Mwana wa mlongo wathu uja tinamuperekeza kukiliniki, ndipo anapezeka kuti BP yakwera, ali ndi zaka 31 zokha. Chinthu choyamba chimene tinachita sichinali chokhudza mbale. Tinatenga kope la masamu ndi kulemba ngongole zonse, dzina ndi ndalama yake, pakuti ngongole ya m'mutu imakula usiku koma ya papepala imakhala pomwe waisiya. Mutu umodzi susenza denga, choncho tinaitana alongo ake awiri ndi kugawana za kumudzi. Kuimbira amayi ake kunali kovuta. Analira, nati, "Achimwene, ine ndimayesa mwana ali pabwino." Anakwiyanso nafe masabata angapo chifukwa cholowerera, ndipo mwina anali ndi chifukwa.

Kenako tinayamba tizinthu tating'ono. Phala kapena mbatata asanatuluke m'mawa, ngakhale asakufuna. Tiyi womaliza masana. Chakudya cha madzulo chophikiratu Lamlungu, kuti akafika asayambe kusonkha mbaula 9 koloko. Foni kugona pa tebulo, iye pa bedi. Mu mpingo wathu wa Anglican tili ndi mapemphero afupiafupi otsekera tsiku otchedwa Compline, amene satenga mphindi khumi. Tinamuphunzitsa kuwanena nthawi imodzimodzi usiku uliwonse, ndi kutchula pamaso pa Mulungu nkhawa iliyonse ndi dzina lake asanazimitse nyali. Tulo tikakana, adzuke akhale pampando mumdima mpaka titabwera, m'malo mogubuduka pa bedi kapena kulowera kukhitchini.

Sitikunamizani kuti zonse zinatha. Kaloba anamaliza kubweza patapita miyezi isanu ndi iwiri. Amadzukabe 4 koloko, chifukwa Great East Road sinasinthe. Mwezi ukamatha, lendi ikayandikira, amatiuza kuti masiku ena amapezekabe ali ndi buledi m'manja pakati pa usiku. Koma masiku ambiri tsopano akugona maola asanu ndi limodzi, nthawi zina asanu ndi awiri, ndipo mankhwala a BP akumwa. Pa Khirisimasi yapitayi anapita kumudzi thupi litatsikako. Azakhali ake atamuona anadandaula kuti Lusaka yayamba kumuzunza, ndipo anamuphera nkhuku.